Anju Adzatulukira pa Khomo Langa

Balasore, Odisha
8 Seputembala

Okondedwa Amake Anju,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino, inu ndi Anju, komanso achimwene a Bodh Raj ndi bondo lawo lija. Ine ndinafika bwino ndipo ndili bwino, kupatula kutentha. Kuno kunyanja munthu ukangomaliza kusamba umayambanso kusamba thukuta.

Iwe Anju, popeza ndiwe ukuwawerengera amayi ako, uwerenge zonse. Usadumphe mizere imene ikukukhudza, ndimakudziwa ine.

Ntchito ndi yanga yomwe ija yophika, koma si ya pa maukwati ngati kwathu. Bwana wanga ndi kontalakitala wina dzina lake Sahu, ali ndi matenti ndi miphika ikuluikulu. Asilikali akafuna kuyesa mizinga yawo pagombe pano, anthu a m'midzi yoyandikira amawasamutsa kwa tsiku limodzi, n'kukawasiya m'matenti athu, ife n'kumawaphikira. Masiku ena timaphikira ogwira ntchito mkati mwa mpanda. Foni amatilanda pa geti, ndiye kwanunso netiweki amangoizimitsa kukangomveka kaphokoso m'malire. Tizingolemberana basi.

Tsopano nkhani ija. Achimwene anandiuza ku siteshoni, sitima ili pafupi kunyamuka, kuti asewere athu a Chuni Lal akuti akuchimuna sadzabwera ku Chak Rattan kudzatenga Anju. Akuti mudzi wathu uli pafupi kwambiri ndi waya wa m'malire, sangabweretse mwana wawo, hatchi ndi oimba pamalo pamene mabomba a tsidya lina amagwa. Akufuna ukwati ukachitikire mu holo ku Jammu. Anasankha bwino nthawi yondiuzira achimwenewo, ankadziwa kuti sindingatsike sitima.

Yankho langa ndi lakuti ayi. Mukawauze momwemo, musakometsere. Mwana wanga adzatulukira pa khomo limene inu munalowera, pa chitseko chimene anapala bambo anga ndi manja awo. Adzaponya mpunga kumbuyo kwake ali pa khomo pathu, inu mudzauwakha ndi mpango wanu, kuti mwayi wa nyumba yathu usapite naye wonse. Nanga mu holo mpunga umenewo udzagwera nyumba ya ndani? Udzagwera pa simenti ya eni ake, m'mawa wosesa adzautaya pamodzi ndi mapepala a maswiti.

Njati yathu ya mkaka ija, Kali, muziimangirira kuseri kwa khoma, osati pa mtengo wa mango.

Ndine mwamuna wanu,
Tarsem Lal


Balasore
4 Okutobala

Amake Anju,

Moni nonse. Ine ndili bwino, ndikudya, ngakhale anthu a kuno chapati sadziwa, ndi mpunga m'mawa, mpunga masana, mpunga madzulo. Mpunga wakenso wopanda fungo, ukauyerekeza ndi wa m'munda mwathu ungalire.

Ndaona ndi maso anga, ndiye Anju uwerenge mokweza apa. Sabata yatha anayesa. Galimoto ya chimkuzamawu inazungulira m'midzi dzulo lake, ndipo kutacha anthu anayamba kufika ku matenti: mbuzi, ng'ombe, nkhalamba pa ngolo, wina atasenza wailesi yakanema pamutu. Anthuwa anazolowera. Sanali kuyang'ana n'kumwamba komwe, nkhani yawo inali yakuti ndachepetsa mchere mu dalma, ndiwo zawo zija za mphodza ndi masamba.

Amene ankatsogolera madandaulo a mchere ndi msodzi wina dzina lake Dibakar, wowonda ngati ndodo, pakamwa pali psuu ndi paan, masamba aja otafuna. Nyanja akaitseka chifukwa cha mizinga, bwato lake limangokhala pa mchenga, ndiye iye amabwera kudzakhala pafupi ndi moto wanga n'kumandiphunzitsa kuphika. Amanditcha Wakumapiri. Ndamuuza kangapo kuti kwathu ndi kuchigwa, koma samva. Inenso ndikumutcha Nsomba Youma.

Dzuwa litakwera pansi panagwedezeka, zivundikiro za miphika zinalira. Mzinga umodzi unakwera, umenewo ndiye umakhala ngati wa adani. Kenako wina unaulondola kuchokera mbali ina. Ife tinangoona mizere iwiri ya utsi, koma akuti inakumana kumwamba kwenikweni, wachiwiriwo n'kuphwanya woyambawo. Madzulo pa kanema ananena kuti dziko lathu tsopano lili ndi ambulera, a tsidya lina aponye zimene angaponye, zizithera m'mitambo.

Ndiye mukawauze asewere kuti mnzawo amene akuphikira anthu opanga ambulerayo akuti asaope. Mwana wawo akwere hatchi abwere ku Chak Rattan ngati mwamuna. Kapena akufuna ndiwatumizire utsi wake mu envulopu?

Ndatumiza ndalama ku positi. Mugule nsalu zofiira za Anju tsopano, chikondwerero cha Diwali chikayandikira ogulitsa aja amapenga. Chipini cha golide cha pamphuno chidikire mwezi wamawa.

Wanu,
Tarsem Lal


Balasore
30 Okutobala

Amake Anju,

Kalata yanu ndalandira, ndaiwerenga kawiri. Ndathokoza Mulungu kuti inu ndi mwana muli moyo. Ine ndili bwino. Dzanja lamanja ndinapsa pang'ono ndi mafuta, n'chifukwa chake zilembo zapendama, si kanthu.

Za imfa ya Kali zandiwawa kwambiri, sindibisa. Njati imeneyo inalera Anju ndi mkaka wake. Sindikufunsa kuti munaimangirira pati, zilibenso ntchito. Achimwene anachita bwino kuikwirira m'munda osaipereka kwa osenda zikopa.

Ndinadziwa kuti zikhala choncho. Ife titayesa wathu kuno, sipanapite masiku ambiri a tsidya lina anayesanso wawo, akuti wawowo ndi wochenjera, umazemba ambulera. Akuluakulu akatha kuonetsana mizinga pa kanema, ang'onoang'ono a pa waya amayamba kuponyerana mabomba, ndiye amagwera pa khola la Tarsem. Mwagona masiku angati ku sukulu ya ku tauni ija kumene munathawira? Simunanene. Mabulangete anakupatsani?

Pali injiniya wina wachinyamata amene amakonda tiyi wanga. Ndinamufunsa mwaulemu ngati ambulera yawo imafika ku Chak Rattan. Anandifunsa kuti kumeneko n'kuti. Nditamuuza anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga anasiya. Anati, "Amalume, iyi ndi ya mizinda ikuluikulu, ndiponso imagwira mizinga ikuluikulu. Timabomba ta m'malire timadutsa pansi pake." Ndinamuthirira tiyi wina, ndalama sindinalandire. Ananena zoona mnyamatayo, palibe wina anali atandiuza.

Ndiye mawu aja ndinakutumani kwa asewere, ngati simunakanene, asiyeni. Ngati munakanena kale, manyazi ndi anga.

Koma musaganize kuti ndasintha. Ambulera ikhalepo, isakhalepo, agogo anga analima pamenepo waya usanabwere, ndipo azakhali anga onse anatulukira pa khomo lomwelo. Anthu amene sadziwa n'komwe dzina la mudzi wathu, a mbali ino ndi a mbali inayo, sangandisankhire malo okwatitsira mwana. Mwalemba kuti mwatopa. Ndamva. Inenso ndatopa, koma ayi ndi ayi.

Mpunga ukacha musadikire ine. Geti la pa waya lopita kuminda kwathu akangotsegula m'mawa lowani ndi aganyu, mudule wa kufupi ndi malire poyamba.

Wanu,
Tarsem Lal


Balasore
23 Novembala

Amake Anju,

Moni, ndi Anju yemwe. Ndasangalala kumva kuti kwakhala bata ndipo mpunga walowa m'nyumba. Mwagwira ntchito ya amuna awiri. Musagulitse wonse, matumba awiri abwino aja asungidwe a ukwati. Dzanja likupola, ngakhale Sahu akuti ndikuchedwa pa ntchito. Zimenezo tidzakamba pamaso.

Ndikuuzeni za misala imene ndaona kuno, museke nanu. Dibakar, Nsomba Youma uja, anali ndi ukwati wa mwana wake wamkazi, Sabita. Wansembe anasankha tsiku kalekale, akuchimuna anakonzeka, nsomba zinagulidwa. Kutangotsala tsiku limodzi, galimoto ya chimkuzamawu ija inafika: mawa tikuyesa, aliyense atuluke m'mudzi. Dibakar anapita kukadandaula, anamuuza kuti tsiku la mzinga silisuntha. Anapita kwa wansembe, nayenso anati tsiku la nyenyezi silisuntha. Anakhala pa khonde pake n'kunena kuti sachoka, apolisi anamunyamula ngati thumba la mchere.

Ukwati unachitikira m'matenti athu, ndipo wophika ndinali ine. Koma tamverani izi. Anthu ali mkati mosonkhana, tinangoona ngolo ya njinga ikubwera, pamwamba pake pali chitseko. Munthu uja asanamunyamule anali atazula chitseko cha nyumba yake ndi felemu yomwe, n'kutuma alamu ake kuti achibweretse. Anachiimika pa mchenga, pakati pa bwalo, anachichirikiza ndi nsungwi ndi zingwe za ukonde. Uku kulibe khoma, ukunso kulibe khoma. Mbuzi zinkangodutsa m'mbali.

Nthawi yotsanzikana itakwana, mwana uja anadzera pa chitsekocho akulira, anaponya mpunga kumbuyo, amayi ake anawakha. Mzinga unakwera nthawi yomweyo, pansi panagwedezeka, koma palibe anatembenuka.

Ine ndinamuuza Dibakar kuti chitseko chopanda nyumba ndi nkhuni chabe. Analavula paan wake n'kunena kuti, "Iwe Wakumapiri, nyumba yanga ndi pamene ndaimika chitseko changa. Mchere uja wachepanso, pita ukathire." Ndinaseka mpaka misozi. Anthu a kunyanja mitu yawo inalowa madzi.

Zoti asewere akufuna yankho Januwale asanathe, apo ayi ayang'ana mtsikana wina, ndamva. Akuopseza chabe. Mnyamata uja Vikram ndinamuona m'mene ankamuyang'anira Anju, sangapite kwina. Iwe Anju usachite manyazi, werenga. Tsiku ndi lomwe lija la chikondwerero cha Basant mu Febuluwale, malo ndi pakhomo panga.

Wanu,
Tarsem Lal


Balasore
20 Disembala

Amake Anju,

Kalata ya achimwene yafika. Bola nonse munali ku sukulu pamene zinachitika. Ine ndili moyo.

Akuti bomba linagwera pakati pa denga, chipinda chathu ndi khitchini zonse zili pansi. Akuti mudzi wonse asilikali autseka, munthu amangololedwa kulowa masana kukatenga katundu. Ndakhala tsiku lonse ndikusenda anyezi kuti anthu asandifunse za maso anga.

Iwe Anju, mawu amene unalemba kumbuyo kwa pepala ndawaona. Wafunsa ngati ndikufuna kukwatitsa iwe kapena nyumba. Wati umamufuna Vikram, ndipo ukamutaya chifukwa cha kuuma mutu kwanga sudzandikhululukira. Sunayambe wandilankhulapo chotero. Ndinapsa mtima, ndinang'amba pepalalo, kenako ndinatola zidutswa zake n'kuziika m'thumba la malaya. Lero sindikuyankha.

Achimwene akalowanso m'mudzi akandionere chinthu chimodzi, andilembere msanga. Kodi chitseko chilipo?

Tarsem


Balasore
13 Januwale

Okondedwa Amake Anju,

Moni nonse a ku sukulu, ndi anansi athu onse amene mukugona nawo m'makalasimo. Chifuwa chanu chija chili bwanji? Muzimwa tiyi wa jinja, kuzizira kwa Januwale si kosewera nako. Ine ndili bwino, mtima wakhala pansi.

Nditamva kuti chitseko chili chiimire, changolowa kachitsulo kamodzi ka bomba pamwamba, ndinapita kwa Dibakar. Ndinamupeza akusoka ukonde. Ndinaima nthawi yaitali ndikukamba za mphepo ndi mitengo ya nsomba, iye osandithandiza n'komwe. Pomaliza ndinamufunsa kuti felemu amaizula bwanji kuti isathyoke. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anati, "Ukufuna nkhuni?" Ndinangoti inde, ndikufuna nkhuni. Sanandiseke. Anandikhazika pansi, anandionetsa ndi manja, ndipo anandipatsa chingwe cha ukonde choti ndidzamangire. Ndichibweretsa.

Ndiye mverani bwino. Achimwene atenge Kaka mmisiri uja, alowe masana. Ayambe kugumula njerwa za m'mbali, asakoke felemu ndi mphamvu, ndipo thabwa la pansi limene timaponda polowa lisatsale. Kachitsulo kaja asachotse, kakhale momwemo. Abweretse pa thirakitala ya a Sansar Chand, dizilo ndidzabweza.

Kwa asewere mukanene izi. Mwana wawo sadzapita kufupi ndi waya, pamenepo apambana. Koma ku holo kwawoko sindipita. Abwere pa bwalo la sukulu, pamene pali anthu a ku Chak Rattan. Mudzi wathu panopa uli pamenepo, ndipo khomo langa lidzakhala pamenepo. Akakana zimenezi ndiye kuti sankaopa mabomba, ankangotinyoza.

Anju mwana wanga, yankho lako ndi limeneli. Ndikukwatitsa iwe. Koma utulukira pa khomo la bambo ako, zimenezo usandiletse.

Chinanso, Amake Anju. Pa mpunga umene adzaponye, musaike wopuntha wokhawokha. Musakanize ndi wosapuntha, wa mankhusu ake, wochokera ku ndime ya kufupi ndi waya. Akafunsa azimayi anzanu muwauze kuti ndi zofuna za mwamuna wanu wouma mutu uja.

Sahu wakana kundipatsa tchuthi. Akuti kukubwera ntchito yaikulu sabata yomweyo, nanga anthu adzadya chiyani. Ndamuuza kuti mizinga ili ndi eni ake ambiri, Anju ali ndi bambo mmodzi. Wati ndikapita ndisabwerenso. Ndagula kale tikiti ya sitima. Maswiti a ukwati ndidzaphika ndekha, musalembe munthu wina.

Wanu,
Tarsem Lal


Ku doko la asodzi, Balasore
2 Juni

Darshana, mkazi wanga,

Ndalemba zilembo zikuluzikulu kuti muwerenge nokha. Anju ananditsina khutu kuti masiku onse aja a ku sukulu ankakuphunzitsani pa bolodi la ana, ndipo munamuletsa kundiuza. Werengani pang'onopang'ono, palibe akukuthamangitsani. Lero palibenso wodumpha mizere, ndiye ndikhoza kunena kuti ndakusowani.

Ndili bwino. Sahu anasunga mawu ake. Panopa ndikuphikira asodzi pa kanyumba ka tiyi ka mlamu wake wa Dibakar. Ndalama ndi zochepa, ndipo tsiku lililonse ndimamva za mchere. Dzanja silitambasuka bwino, koma chikombe limagwira.

Pali zimene sindinakuuzeni tsiku lija, munali ndi alendo. Pamene hatchi inafika pa bwalo, asewere a Chuni Lal anaima n'kuyang'ana chitseko chili chokha pakati pa magolo a mpira. Ndinakonzeka kuti akangoseka ndiwabweze ndi oimba awo omwe. Anayandikira, anagwira kachitsulo kaja ndi chala. Kenako anavula nsapato, anawerama, n'kudzera pa khomo, chonsecho malo odutsa anali mbali zonse. Anthu awo onse anatsatira pa mzere. Pambuyo pake anandinong'oneza kuti amayi awo anathawa kuchokera kutsidya ali mtsikana, nthawi imene dziko linagawidwa pawiri, ndipo mpaka imfa yawo ankalira chitseko chimene anasiya kumeneko. Ine ndinangowapatsa maswiti.

Anju akutuluka sindinaone bwino, maso anali atadzaza. Ndinangoona inu mutatambasula mpango, mpunga ukugweramo.

Kuno ayesanso mwezi watha, a tsidya linanso ayesa wawo. Asiyeni apikisane. Mwalemba kuti mwabwerera kumudzi ndipo achimwene aimika chitseko pamalo pake, ngakhale pamwamba pali lona chabe. Denga tidzafolera ndikabwera. Pakadali pano muzichitseka madzulo ndi kuchitsegula m'mawa, monga kale.

Mvula yayandikira. Masulani mpango uja, musankhe mpunga wa mankhusu umene Anju anaponya. Ndi wochepa, mwina manja awiri, koma umera. Muufese pa nazale, ndipo ukakula mukauwokere ku ndime yomaliza, yogundana ndi waya, pamene asilikali athu ndi a tsidya lina onse amaona ali pa nsanja zawo. Akakufunsani pa geti kuti mwanyamula chiyani, muwauze kuti ndi mpunga wa mwana wa Tarsem, ndipo chaka chamawa tidzabzalanso.

Ndine mwamuna wanu,
Tarsem